Chibokosi cha apongozi patebulo

Pa siteji ya basi ku Summit, New Jersey, m'chaka cha 1956, bambo wonyamula sutikesi anaima pafupi ndi mayi wovala yunifolomu ya kufakitale.

"Mayi, kwanuko ndi komwe mumapanga tinthu tonga nyemba tija?"

"Matiranzisita? Eya. Ndimalumikiza timawaya take, kuyetsemula n'koletsedwa."

"Ndiye ndinu mwandithamangitsa pakhomo."

"Ine? Mwalawira mowa m'mawa uno, bambo?"

"Apongozi anga ndi ogontha. Makina awo akale othandiza kumva anali chibokosi cha mababu onga a m'wailesi pachifuwa, batire kumwendo. Akachivula n'kuchiika patebulo, ine pakamwa pankamasuka."

"Ndiye?"

"Dzulo chibokosi chili patebulo, ndinkauza mkazi wanga kuti mayi akewo nkhope ngati galu wathu Rusty, kungoti Rusty ali ndi ulemu. Osadziwa kuti anagula kamakina katsopano ka matiranzisita anuwo, kobisa m'tsitsi."

"Mayo! Anati chiyani?"

"Anati nyumba ndi yawo. Rusty atsale, ine ndizipita."

"Pepani. Nanga chakalecho ankachiikiranji patebulo?"

"Nyambo, mayi. Akhala akundimva kuyambira pa Khirisimasi."