Kakompyuta Kanga Kokha Kankazima

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndikufuna kuchitira umboni. Ndikuona kumbuyoko ena ayamba kale kunong'onezana. Musavutike, ndinena ndekha.

Kuwerenga ndinaphunzira ndili ndi imvi, kusukulu ya kwacha. Kuofesi ya alimi a nandolo kumene ndimalemba mayina a minda kuli makina amodzi aakulu, ndipo m'kati mwake anagawamo timakompyuta tinayi, aliyense kake. Ta anzanga tinkayenda bwino. Kanga kokha kankazima. Lolemba kazima, Lachinayi kazima, ntchito ya tsiku lonse n'kutayika.

Ndinati pali munthu. Ndipo munthuyo ndinkamudziwa: Mayi Esinati, amene amasunga kiyi wa chipinda cha makinawo. Abale, bambo awo ndinawanamizira ine, kalekale ku Nkhulambe, kuti anaba njinga imene ndinagulitsa ndekha. Anawathamangitsa m'mudzi, anakafera ku Mozambiki. Ndiye mwana wawo akandipatsa moni, ndinkamva chipongwe. Akandibweretsera tiyi, ndinkataya pazenera. Ndinalemba kalata yoti abwana awachotse ntchito, ndinkayenda nayo m'thumba. Ine, mkulu wa mpingo!

Ndisanaipereke, kunabwera wokonza makina. Ndinamutengera pambali. "Achimwene, munthu angathe kulowa n'kumazimitsa kanga kokha?"

Anaseka. "Madala, palibe walowa. Kachipangizo kamene makina amakumbukirira zinthu kawonongeka pamalo amodzi, ndipo malowo anagwera gawo lanu. Makina aakuluwa akaona powonongeka amatsekapo, n'kuzimitsa kakompyuta kamene kali pamenepo, kuopa kuti zolakwika zingalowe m'zolemba."

Sindinakhulupirire. Mumtima ndinati ameneyu wagwirizana ndi Mayi Esinati. Anasintha kachipangizoko ine nditaima pompo, maso ali tong'o. Ndinadikira masabata atatu. Osazima. Osazima, abale!

Kalata ija ndinang'amba. Ndinapita kwa mayiwo, ndinagwada, ndinaulula za njinga. Iwo anandiyankha.

"Bambo, amayi anandiuza zimenezo ndili mwana. Dzukani, mawondo anuwo ndi akale. Koma ine si mudzi. Mukanene ku Nkhulambe, kumene dzina la bambo linaipa."

Loweruka ndinakwera kabaza, ndinakanena pamaso pa anthu. Ena analavula, ena analira. Dzina la malemuwo layera.

Zikomo Yesu, zikomo! Amayi, kodi nthungululu zili kuti? Imirirani, inunso akumbuyoko, mukondwere nane. Aleluya!