Mpunga Wopirira wa a Yoramu

Ku sikimu ya ulimi wothirira ya Bwanje, mpunga wa a Yoramu unachita chikasu ngati wathiridwa madzi owira. M'mawa wina mkuluyu, amene anakumbako golide ku Joni, anaima m'mphepete mwa munda manja m'chiuno, n'kufunsa akazi awo aNangozo za msonkhano wa alangizi wa dzulo lake.

“Ati bwanji alangizi anuwo?”

“Ati mpunga wathu uli ndi nyongolotsi.”

“Aa! Mpunga uli ndi mimba?”

“Ati zili m'mizu. Ting'onoting'ono, tosaoneka ndi maso.”

“Nanga iwo ationa ndi chiyani, mphuno? Mayi, mbewu iyi ndi yopirira! Zaka zonsezi tinyongolotsi tanuto tinali kuti?”

“Tinalipo. Ati kale tinkalephera kulowa, koma pano taphunzira.”

“Taphunzira!” a Yoramu anaomba m'manja.

“Inenso ndinafunsa kuti sukulu yake iti. Anthu anangoseka. Ati aphunzitsi ake ndinuyo.”

“Ine? Ndinagwirapo choko ine?”

“Ati mukamadzala mbewu imodzimodzi chaka ndi chaka, tolimba timatsala, timaswana, mpaka tonse tadziwa khomo lolowera.” ANangozo anapukusa mutu. “Ndazungulira munda wonsewu, bambo a Tisunge. Khomolo sindikuliona.”

A Yoramu anawerama, nazula phata limodzi kuti awatseke pakamwa. Mizu yake inali yotupa kunsonga, yopindika ngati mbedza. Mpunga umenewu ndi umene ankati adzadyetse alendo pa chinkhoswe cha mwana wawo Tisunge. Msangamsanga anabisa phatalo kumbuyo.

“Mwaona chiyani?”

“Minofu. Mbewu yamphamvu imatero.”

“Ho! Nanga yamphamvu bwanji yagona?”

“Ikupuma.”

“Eya, ndi zomwe ananenanso! Ati munda upume, tiyambe tadzalamo nyemba, kenako tisinthe mtundu wa mpunga. Kaya munda umapuma chokhala kapena chogona, sananene.”

“Sindisintha kanthu ine!” A Yoramu anaponda pansi, thope n'kuwathovukira pa buluku. “Thumba la mbewu ndinasunga kuseri kwa chitseko. Chaka chamawa ndidzala yomweyi, alangiziwo adzabwere adzaonere.”

ANangozo anayamba kukonza duku lomwe linali bwinobwino.

“Thumba lomanga ndi chingwe chofiira lija?”

“Lomwelo.”

“Paja alangizi anati mbewu imeneyi tsopano malo ake ndi mumphika.”

“Kumeneko n'kuyankhula chabe, mayi!”

“Ine ndinamva mumphika. Ndiye nditachoka kumsonkhano ndinalitenga n'kupita nalo kuchigayo.”

Phata lija linagwera m'madzi, phava! A Yoramu anagwira pamimba pang'onopang'ono.

“Mukutanthauza kuti phala la m'mawa lija…”

“Eetu. Ndipo musadandaule za tinyongolotsi, bambo a Tisunge. Ito tikungoluma mizu. Mbewu yeniyeniyo mwaimaliza ndinu, mbale ziwiri, n'kunyambita supuni.”