Khutu Langa Silinachotsedwe Ntchito

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Ambiri mumandidziwa kuti ndine bambo a kuchigayo. Sindidziwa kuyankhula zambiri, choncho mundipirire.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndinagwira ntchito pa kampani yocheka matabwa kumunsi kwa phiri, pafupi ndi pa Boma. Makina anga anali amodzi omwewo. M'mawa, nkhungu isanachoke, ndinkavala ovolosi, kupaka girizi, kuona lamba, kuyatsa makina, kenaka kuima n'kumvetsera. Chipika cha paini chilowe, thabwa lituluke. Mawa chimodzimodzi. Mkuja chimodzimodzi. Anzanga ankatopa nazo, koma ine mtima wanga unkakhala pansi. Fungo la utuchi wauwisi m'mwezi wozizira ndimalimvabe mpaka lero. Kapitawo wathu ankati sasowa wotchi, amangoona pamene ine ndaima.

Mitengo inatha m'phiri, abale. Kampani inatseka.

Alamu anga anandiuza kuti munthu wamoyo amachita geni. Anandipezera malo pamsewu, ndizigulitsa kachewere. Ndinalephera. Minibasi ikaima, anzanga ali kale pazenera, akuseka ndi makasitomala. Ine ndikadasanja mbatata mu ndowa kuti zikhale bwino. Ndikamaliza, minibasi yapita. Alamu anati mutu wanga unasanduka makina, sungayende popanda wouyatsa. Ananena moseka, koma mawuwo anandilowa.

Ndinakhala pakhomo zaka ziwiri. Zaka ziwiri, abale ndi alongo! Ndinkadzukabe nthawi yomweyo, kuvala ovolosi, n'kukhala pakhonde. Banja linkadya thukuta la mayi a kunyumba, ku dimba la kabichi. Kutchalitchi ndinasiya. Ndinkangofunsa Mulungu kuti anandilengeranji munthu wodziwa chinthu chimodzi, chomwecho n'kundilanda.

Tsiku lina mayi a kunyumba anadwala, ufa utatha. Ndinamanga thumba la chimanga panjinga, ulendo wa kuchigayo pa Linthipe. Pamzere mwamuna ndinali ndekha. Mayi wina anandifunsa ngati chitenje ndaiwala kunyumba, ndipo onse anaseka. Ndinangowerama.

Ndili chiweramire, khutu langa linagwira kanthu. Pansi pa phokoso lonse lija panali kamawu kena, kakang'ono, kosayenera kukhalapo. Ndinapita kwa eni chigayo, a Nachisale, n'kuwapempha kuti azimitse. Anakana. Anati magetsi angobwera kumene, mzere ndi wautali, ndipo ine sandidziwa.

Ndinati, "Zimitsani, mayi. M'katimo muli chitsulo chikufuna kuthawa."

Anandiyang'ana, kenaka anazimitsa. Amayi pamzere anandinyoza. Titatsegula, tinapeza bawuti yogwira zitsulo zophwanya chimanga yatsala pang'ono kuduka. Ikanaduka, chitsulo chikanaboola sefa, ndipo kutsogoloko kunali anthu.

A Nachisale anandifunsa kuti ndinaona bwanji. Ndinati sindinaone, ndinamva. Anati, "Mawa mubwere ndi khutu lomwelo."

Lero ndili m'chaka chachinayi pamenepo. Ndimapaka girizi, kuona lamba, kuyatsa, kuima n'kumvetsera. Fungo si la paini, ndipo phirilo ndikaliona lopanda mitengo mtima umandiwawabe. Koma ndinabwerera m'nyumba ya Mulungu, ndipo mayi a kunyumba sanyamulanso banja okha.

Ndikuthokoza Ambuye amene sanandisinthe kukhala munthu wina. Anangondisungira ntchito yofuna munthu wonga ine. Alamu anga nawonso amagayitsa kwa ine, ndipo amaima pamzere. Amen.