Mwala Umene Kapitawo Ankaudumpha

Malemu achimwene athu, bambo Firmino Sandramo, anabadwa pa 9 Março 1971 ku Zóbuè, m'banja la bambo Sandramo ndi mayi Leopoldina, amene onse awiri anatsogola kale. Iwo anali achisamba mwa ana anayi. Ine ndaima panoyu ndine Gildo, mzime wa m'banjamo, ndipo akubanja andituma kuti ndiwerenge mbiriyi. Mafumu, akuluakulu a mpingo, ndi inu nonse mwabwera kudzalira nafe kuno ku Kambulatsitsi, mundikhululukire mawu ena akatuluka owawa. Ndayesa kuwathira shuga, koma akana.

Sukulu anayamba mu 1978 konko ku Zóbuè, ndipo anafika kalasi yachisanu. Mu 1986 nkhondo italowa m'mudzi, tonse tinathawira ku Malawi, ku msasa wa othawa nkhondo m'boma la Mwanza. Kumeneko n'kumene tinaphunzira kudikira. Ufa pamzere, nyemba pamzere, madzi pamzere, ngakhale mankhwala a mutu pamzere. Anthu ankakhala pansi kuyambira m'mawa, maso ali kumsewu. Koma achimwene manja awo sankadziwa kukhala pamaondo, moti mayi ankawaseka kuti anabadwa ndi manja oyabwa. Pamzere wa ufa pomwepo anadziphatika kwa mkulu wina wosoka nsapato, n'kuyamba kumupakira phula ku ulusi, mpaka nawonso anadziwa kusoka. Ankatiuza kuti tsiku la pamzere nalonso ndi tsiku, si bwino kulisiyira ntchentche.

Mtendere utabwera, tinabwerera mu 1994 n'kupatsidwa malo kuno ku Kambulatsitsi. Pa 17 Agosto 1996 anamanga ukwati ndi alamu athu, mayi Laurentina, ndipo Mulungu anawapatsa ana atatu: Denilson, Nádia ndi Assucena. Anali mlimi wa chimanga ndi nandolo, ndipo khola lawo la mbuzi munkaliona nonse. Khalidwe lija silinawachoke. Akamadikira mvula ankaluka nkhokwe, akamadikira galimoto pamsewu ankasema mipini. Munthu ukawapeza atakhala chete, unkadziwa kuti akudwala.

Mu 2009 mbiri ya malasha a ku Moatize inafika mpaka m'minda mwathu. Aliyense ankati ntchito zikuchita kutayika. Achimwene anagulitsa mbuzi zonse, napita ku Tete kukaphunzira kuwotcherera zitsulo, ndipo anaidziwadi ntchitoyo. Zitseko za tchalitchi chathu chino ndi umboni wake. Chaka chotsatira anasamutsa banja lawo n'kukachita lendi m'dera la 25 de Setembro ku Moatize. Lolemba pa 3 Maio 2010 anakaima koyamba pachipata cha kampani ina yokonza makina a mumgodi, panjira ya ku Chipanga. Dzina la kampaniyo sinditchula. Amene akuidziwa akuidziwa.

Inu a kuno simunaonepo mmene anthu amadikirira ntchito pachipatapo, ndiye ndikufotokozereni. Dzuwa la ku Moatize munthu sangaime nalo tsiku lonse. Choncho aliyense amatola mwala wake, n'kuuika chizindikiro, n'kuufoletsa pamzere m'mbali mwa mpanda. Mzerewo amautcha bisha. Mwala ndi umene umapsa ndi dzuwa, mwini wake ali pamthunzi. Kapitawo akafuna anthu amatuluka, n'kugunda ndi phazi miyala ya kutsogolo, eni ake n'kudzuka kukalowa. Miyala ya olembedwayo imatayidwa, ya m'mbuyo n'kusendezedwa. Palibe amaba malo a mnzake. Mwala wa achimwene unali woyera, ndipo anaupaka penti yofiira pamwamba.

Pamthunzipo anzawo ankasewera bawo ndi makadi, ena ankagona zipewa zili kumaso. Sindikuwanyoza, pakuti kudikira kumatopetsa kuposa khasu. Koma achimwene anapirira masiku ochepa okha, manja aja n'kuyamba kuyabwa. Anaona jombo za anthu otuluka mumgodi zili kukamwa yasa, anakumbukira luso la ku msasa lija. A Daúdo, amene ali ndi golosale pafupi ndi pamenepo, anawapatsa ulusi, guluu ndi malo osungira kabokosi kawo ka zipangizo. Matayala akutha ankatola okha m'mbali mwa msewu n'kumadula zapansi pa nsapato. Mwala uli pabisha, iwo ali pansi pa mtengo, mutu uli pansi, akusoka. Zimene ankapeza pamenepo ndi zimene zinaphunzitsa ana atatuwa. Jombo za kapitawo ndi za alonda a pachipata ankasoka ulere, poganiza kuti munthu amene wamuveka sangakuiwale.

Mu 2012 mwala wofiira uja unafika kutsogolo kwenikweni. Alamu anachapa malaya awo abwino, ndipo kunyumba kunali chimwemwe. Kapitawo anatuluka, nayang'ana mwalawo, naudumpha, n'kugunda wachiwiri ndi wachitatu. Tinati mwina sanauone. Mlungu wotsatira anaudumphanso. Anthu amene anafika pachipatapo m'mbuyo mwa achimwene, ena osadziwa n'komwe kugwira chitsulo, analowa mmodzimmodzi, n'kupatsidwa krasha, chikhadi chija amapachika m'khosi. Atalowa ankatuluka madzulo n'kudzasiya jombo zawo kwa achimwene.

Chifukwa chake tinachimva mu 2014 kwa a Tito, mnzawo wa pabisha amene anali atalembedwa. A Tito ali pompano, ndipo andilola kuti ndinene. Iwo anafunsa kapitawo chifukwa chimene ankadumphira mwala wa a Firmino. Kapitawo anaseka, n'kuyankha kuti sapateru, kutanthauza wosoka nsapato, ali kale ndi ntchito, ofunika kuthandizidwa ndi awo akungokhalawo, ndiponso kuti akawalowetsa m'kati, jombo za anthu azisoka ndani. Abale anga, mwamva bwino. Achimwene sanakanidwe chifukwa cha ulesi, kapena kuba, kapena mowa. Anakanidwa chifukwa anapezeka akugwira ntchito.

Atamva zimenezi anatseka kabokosi kaja, nakasiya kwa a Daúdo. Anakhala pamthunzi ngati anzawo, manja atapinda, kuti kapitawo aone kuti nawonso alibe chochita. Alamu akuti masiku amenewo sankadya, ndipo zala zawo zinkangoyenda zokha pamwendo. Kenaka kunabwera bambo wina wa ana asanu, jombo yake itasiyana ndi chapansi chake, atauzidwa kuti akabwera nayo choncho mawa asalowe. Anaima patsogolo pa achimwene jombo ili m'manja. Achimwene anayang'ana chipata, nayang'ana jombo, n'kunyamuka kukatenga kabokosi. Ine ndinawakalipira kwambiri tsiku limenelo. Anandiyankha kuti iwo sangaonerere munthu akuchotsedwa ntchito chifukwa cha ulusi.

A Daúdo anawalangiza kangapo kuti ausiye mwalawo, akatsegule benchi kumsika, kumene kuli anthu ambiri komanso fumbi lochepa. Alamu anawapempha kuti abwerere kuno kumunda. Anakana zonse. Ankati iwo si wosoka nsapato, ndi wowotcherera zitsulo amene akudikira kuitanidwa, ndipo tsiku loitanidwalo liyenera kuwapeza pafupi. Pamenepa achimwene anali ouma mutu, ndipo ndikunena iwo ali gone apa chifukwa ndinkawauzanso ali moyo. Koma munthu amene anagulitsa khola lonse la mbuzi chifukwa cha chipata chimenecho, mukanamuuza chiyani? Mu 2016 ntchito zinachepa, anthu ambiri anachotsedwa n'kubwerera pabisha. Kampaniyo inasintha dzina, inasintha mtundu wa yunifolomu, akapitawo anasinthana. Aliyense watsopano ankalandira kwa mnzake makiyi, pamodzi ndi mawu akuti mwala wofiirawo ndi wa sapateru, umadumphidwa.

Chifuwa chinayamba mu 2020. Mtengo umene ankakhalapo uli m'mphepete mwa msewu wa magalimoto akuluakulu, ndipo fumbi lakuda limene ena ankalipuma atavala zotchinga kumphuno, iwo ankalipuma chomwecho, mutu uli pansi, chaka ndi chaka. Kampaniyo ili ndi kachipatala ka antchito ake, kuseri kwa mpanda womwewo. Alamu anakagwada pachipata. Anawauza mwaulemu kuti m'menemo mumalowa okhawo a krasha. Tinapita nawo kuchipatala cha boma, kumene anatilandira bwino nayesetsa, koma anatiuza kuti mapapo awo atha ngati a munthu amene wakalambira mumgodi. Achimwene anadwala matenda a antchito a mumgodi, mgodiwo asanaupondemo ndi phazi limodzi lomwe.

Kuyambira mwezi wa Julho chaka chino cha 2023 sanathenso kudzuka. Komabe m'mawa uliwonse ankatuma Denilson kukaona ngati mwala udakali pamalo pake, ndipo anzawo a pabisha ankausunga. Lolemba lapitali, pa 23 Outubro, dzuwa lili paliwombo, galimoto yoyera ya kampani inaima pakhomo pawo ku 25 de Setembro. Achimwene anaiona pazenera. Anauza alamu kuti awadzutse msanga, awaveke malaya abwino aja, ndi kuwapukuta kumaso, pakuti tsiku lija lafika. Alamu anawaveka. Dalaivala analowa, napereka moni, n'kutsitsa thumba pansi. Munali jombo. Anati kapitawo akudandaula kuti sapateru wasowa, ndiye akuti mwina angasokere kunyumba konkuno.

Achimwene anayang'ana thumbalo nthawi yaitali, kenaka anapempha kabokosi kawo. Anasoka jombo imodzi mpaka kumaliza. Inzake anaisiya singano ili chibayire. Anatisiya Lachitatu pa 25 Outubro, ali ndi zaka 52, atavalabe malaya aja chifukwa anakana kuwavula. Thumbalo tabwera nalo, lili paseli pa nyumba. Eni ake akatenge pochoka, ndipo mwini wa jombo ili ndi singanoyo akasolole yekha.

Malemu asiya mkazi wawo mayi Laurentina, ana atatu, zidzukulu ziwiri, alongo awo awiri, ndi ine mng'ono wawo. Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira, amayi a mpingo amene anagona ndi alamu masiku onsewa, adzukulu amene akonza nyumba yawo yomaliza, ndi mafumu potipatsa malo. A Daúdo, inu ndi achipembedzo china, koma munatseka golosale n'kubwera ndi nsalu ndi mpunga. Mulungu akubwezereni. A Tito, zikomo ponena zoona. Tikuthokozanso kampani ija potibwereka galimoto imene yanyamula thupi kuchokera ku Moatize. Achimwene anaidikira galimoto imeneyo zaka khumi ndi zitatu, ndipo dzulo anaikwera koyamba.

Anzawo a pabisha, amene ambiri mwaima apa mu nsapato zosokedwa ndi manja awo, mwatibweretsera mwala uwu. Penti inafufuma, koma ndi womwewo. Akubanja tagwirizana kuti tiuike kumutu kwa manda, ndipo tikupempha aliyense wodutsa kumandako kuti aulambalale, asaudumphe.

Achimwene, uku mukupitaku akuitanani ndi dzina lanu. Kabokosi kasiyeni, pindani manja tsopano. Mzimu wanu uuse mumtendere.