Ankati Anenepa, Chonsecho Kunali Kutupa

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wochokera kuno ku Mulanje, kufupi ndi Chitakale. Ine ndine mkulu wa mpingo, ndipo ndinapuma pa ntchito ya ukalaliki ku esiteti ya tiyi. Umboni wanga ndi wa akazi anga, amake Joana, amene mphumu inatsala pang'ono kundilanda, mothandizana ndi mankhwala omwe tinkati akuwachiritsa.

Mphumu anakula nayo. Chiperoni chikatsika m'phiri, pachifuwa pawo pankalira ngati likhweru. Kuchipatala anawapatsa timapampu tiwiri topumira: kabuluu ka nthawi imene abanika, ndi kabulauni ka tsiku ndi tsiku. Kabulauniko anakasiya msanga, akuti sikankamveka m'thupi. Kenako mnzawo wina wochita geni ku Muloza anabwera kudzawagulitsa timapiritsi toyera m'kapulasitiki kopanda dzina. Inetu ndimasunga pepala lililonse, kuyambira makadi a ubatizo mpaka malisiti a feteleza, ndiye ndinafunsa pepala la mankhwalawo. Mayi wogulitsayo anaseka nati, "Abambo, kodi munthu amachira ndi pepala?"

Timapiritsito tinagwiradi ntchito, ndipo anayamba kumwa tsiku lililonse kwa miyezi yambiri. Nkhope inadzaza, masaya anatuluka, mabulawuzi anayamba kuthina. Kutchalitchi azimayi ankawazungulira n'kumati, "Mwanenepatu amake Joana, abambo akukusamalani!" Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa. Munthu ankaonongeka tikuona, mpingo wonse ukuombera m'manja.

Posakhalitsa linabwera ludzu losatha. Miyendo inalefuka, ndipo kabala ka khasu pachala kanakana kupola. Mmawa wina wa chifunga anagwa pakhomo akusesa, mpweya ukukana kulowa, ndipo kabuluu sikanathandize. Tili m'galimoto la mnansi wathu, ndinalephera kupemphera pemphero la mkulu wa mpingo. Ndinkangobwereza kuti, Ambuye, musandisiyire nyumba yopanda mawu.

Mulungu anayankha kudzera mwa namwino wina wa pachipatala cha boma. Amake Joana atayamba kupuma bwino, iye anawayang'ana nkhope nthawi yaitali, kenako anafunsa chimene amamwa kunyumba. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinalibe pepala loonetsa, choncho ndinatulutsa kapulasitiki kaja. "Bambo, uku si kunenepa," anatero. "Ndi kutupa."

Anatifotokozera kuti mapiritsiwo ndi a gulu lotchedwa masiteroidi. Amapulumutsa moyo dokotala akawapereka kwa masiku ochepa mphumu ikavuta, koma munthu akamangomwa payekha amakweza shuga, amafooketsa mafupa ndiponso amatsegulira matenda ena khomo. Nditapsa mtima ndinati ndikawataya m'chimbudzi tsiku lomwelo. Anandiletsa kwamphamvu, nati thupi linazolowera, ndipo kuwasiya mwadzidzidzi kukhoza kupha munthu. Amake Joana anayenera kuwachepetsa pang'onopang'ono, dokotala akuyang'anira. Mkwiyo wanga ukanamaliza chimene wogulitsa uja anayamba.

Kenako namwinoyo anapisa m'thumba la yunifolomu n'kutulutsa kapampu kake kabulauni, poti nayenso ndi wa mphumu. Anati nakonso n'ka gulu lomwelo, koma mankhwala ake ndi ochepa kwambiri ndipo amalunjika m'mapapo. Sikamveka chifukwa ntchito yake ndi kutchinga, ndipo kamafunika ngakhale tsiku limene munthu ali bwinobwino. Akatha kupopera, azichukucha m'kamwa n'kulavula.

Yesero lachiwiri linadza kutupa kutayamba kuphwa. Pakamwa pomwe paja panayamba kunong'ona kuti amake Joana atha, kaya ndi matenda aja. Tsiku lina ndinawapeza akulira kuseri kwa nyumba, akuti bola angoitanitsanso timapiritsi tija kuti anthu atseke pakamwa. Tinagwada pompo. Titadzuka tinagwirizana kuti kapampu kabulauni kazikhala pamwamba pa Baibulo, kuti potsegula Mawu mmawa ndi madzulo dzanja liziyamba lakakhudza. Masiku obwerera kuchipatala ndimawasunga ine, ndipo sitinadumphepo.

Chiperoni cha chaka chino chadutsa osagonekedwa. Shuga amene anakwera ndi timapiritsi tija watsika, bala lija lapola. Ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokozanso namwino amene anatiuza zoona pamene ena ankatikometsera. Inu amene muli ndi mphumu m'nyumba, musagule mankhwala opanda dzina, musasiye amene munapatsidwa chifukwa choti mwapeza bwino, ndipo musatope kupemphera.

Lamlungu lapitali amake Joana anatsogolera nyimbo mpaka ndime yomaliza osaima. Potuluka, mayi wina anawagwira dzanja n'kunena mwachifundo, "Koma mwaondatu." Iwo anamwetulira nati, "Ee, ndaonda, achemwali. Koma nyimbo ija mwaimva?"