Khutu la ng'ombe yanga silikuoneka pa chithunzi

Aulutsi, ndiwelengeleni nkhaniyi, mwina wina angandithandize. Ndine mai wamasiye wa ku Nyalugwe. Ng'ombe yanga yolimila inabedwa, ndipo ndinaipeza m'khola la bambo wina ku Nyimba. Bamboyo akuti ndi yake. Apolisi anati, "Amai, tionetseni umboni."

Malemu amuna anga anaicheka khutu katatu m'mphepete, ndipo chithunzi chake ndili nacho. Koma foni yanga itadzaza, wokonza mafoni anachepetsa zithunzi zonse kuti malo apezeke. Titakulitsa pa khutupo, panangooneka timabokosi tofiila.

"Zimenezi sizibwelela, amai," anatelo wokonza uja.

Mvula yagwa, anzanga akulima, ine ndangokhala. Ng'ombeyo ikandiona imalila, koma apolisi akuti kulila si umboni. Inu nonse amene inakukokelani ngolo pa ukwati wanu, chonde yang'anani m'mafoni mwanu, mwina muli chithunzi chake. Ndikungofuna khutu lokha.