Ndemanga za ku msonkhano zinandizunguza mutu

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye. Ndine mayi wa ana awiri, kwathu ndi ku Nyachikadza koma ndimakhala pa boma pa Nsanje, ndipo ntchito yanga ndi yopanga mawebusaiti. Bungwe limene ndinkagwirako litatseka ofesi yake, ndinakhala pakhomo miyezi yambiri, kompyuta ikungochita fumbi. Mwana wanga wamkulu mpaka analeka sukulu.

Tili m'mavuto choncho, anandiitana ku Blantyre kuti ndikalankhule pa msonkhano wa anthu opanga mawebusaiti. Mumtima ndinati basi, kumeneko mabwana akandiona. Ndinakamba za kapangidwe ka webusaiti yopepuka, yoti izitseguka pa kafoni kakang'ono ngakhale kumadambo kwathu kumene netiweki imavuta. Anthu anaomba m'manja, koma palibe anandifunsa funso.

Pa msonkhanowo omvera ankalemba pa foni ndemanga zawo za wolankhula aliyense. Zanga zinandipeza m'minibasi, tikutsetsereka mapiri kulowera ku Chikwawa. Wina anati ndinathamanga kwambiri. Wina anati ndinkakoka mawu mpaka iye anawodzera. Wina anayamikira zithunzi zanga, chonsecho sindinaonetse chithunzi ngakhale chimodzi. Winanso anangolemba kuti, "Sindinamve kanthu."

Abale, mutu unaima. Ndichepetse liwiro kapena ndiwonjezere? Kapena vuto ndi Chingerezi changa chomveka Chisena? Ndinafika kunyumba osadziwa ngati ndakhoza kapena ndalephera. Mayi anga atandifunsa mmene ndayendera, ndinangowapatsira foni, kuiwala kuti Chingerezi sawerenga. Masiku amenewo pemphero langa linalibe mutu weniweni. Ndinkangoti, "Ambuye, mwa anthu onsewa ndimvere ndani?" Ndinafika poganiza zogulitsa kompyuta n'kuyamba geni ya nsomba zouma.

Ndisanapeze wogula, anandiimbira bambo ena a ku Makhuwira, mtsogoleri wa gulu la alimi a mpunga. Anati anapita ku msonkhano kuja kukafuna munthu wowapangira webusaiti yotsatsira mpunga wawo, ndipo nambala yanga anaipempha kwa okonza msonkhano.

"Mayi, ndine ndinalemba kuti sindinamve kanthu."

Ine ndinati, "Pepani bambo, ndinayesetsa."

"Mukupepesa chiyani? Khutu langa limodzi linafa kalekale, ndiye sipika ya kumbuyo kumene ndinakhala inkangolira ngati njuchi. Ndinangotolako mawu awiri, madambo ndi netiweki. Tabwerani kuno mudzanenenso, alimi anzanga akumveni."

Ndinapita ndikukayikabe, poti mwina sindinawamvetse. Ndinakalankhula pansi pa mtengo wa mango, m'Chimang'anja chosakaniza ndi Chisena, popanda maikolofoni. Alimi anatulutsa timafoni tawo n'kumayesa pomwepo kutsegula webusaiti yopepuka imene ndinawasonyeza, ndipo mafunso anachuluka mpaka dzuwa linapendeka. Lero webusaiti yawo ndikusamalira ndine, magulu ena a alimi ayamba kundiitana, ndipo mwana uja anabwerera m'kalasi.

Kunena zoona, mmene Mulungu analumikizira zimenezi sindikumvetsabe mpaka pano. Ndimangoti takhuta, monga timathokozera kwathu. Inu amene mawu a anthu akusokonezani lero, musafulumire kutaya chida chanu cha ntchito. Pempheranibe ngakhale pemphero lisalongosoke. Ine Mulungu anandiyankha ndisanadziwe n'komwe chimene ndinkapempha.